Mtengo wa Chipembere

1. Mkazi mnzawo wa amayi

Ku Kaluluma kunalibe munthu wosachidziwa Chipembere. Ngakhale agalu anali atachizolowera, moti chikamadutsa ankangodzutsa khutu limodzi n'kupitiriza tulo.

Chipembere chinali galimoto ya a Levison Mphepo. Poigula inali galimoto wamba ya m'misewu yokumbika, yonga zimene amayendera alangizi a zaulimi. Koma a Mphepo sanali munthu wokhutira ndi chinthu mmene chabwerera. Chaka chilichonse akagulitsa fodya ankaiwonjezera kanthu. Anaiika masipuling'i a lole kuti italike. Anaiveka matayala a mano akuluakulu. Kutsogolo anawotchererako chitsulo chosongoka ngati nyanga, ndipo dzina lija linabadwira pamenepo. Injini itafa anaikamo ya mtundu wina, giyabokosi n'kukaizula m'galimoto ina yachitatu imene inafera pa Chatoloma. Pambali panali paipi yaitali kuposa denga, yoti injini izipumira m'mwamba powoloka madzi. Padenga panali kaliyala wonyamulira mabelo a fodya.

Dzinja likafika, madambo n'kudzaza, magalimoto ena onse ankagona pakhomo. Chipembere chokha ndicho chinkawolotsa odwala, feteleza ndi katundu wa m'masitolo.

Koma tsopano maso a a Mphepo anali atachita ng'ala, ndipo munthu ankamuzindikira ndi mawu okha. Chiwongolero anali atachisiyira mwana wawo woyamba, Consolata, mtsikana amene anakulira pansi pa galimotoyo akupatsira bambo ake masipanala. Consolata anali atakhoza Fomu 4, laisensi anali nayo, ndipo anali atapeza malo kusukulu ya umakaniko ku Lilongwe. Anali ndi manja abwino ndi mtima wapachala. Bawuti ikakana kumasuka ankaikalipira ngati munthu.

Mmawa wina wa mwezi wa June, a Mphepo anakhala pa tayala lakale pansi pa mango n'kuitana banja.

"Chipembere chigulitsidwe," anatero. "Ine sindionanso, iwe Konso ukupita kusukulu. Galimoto yongokhala imadyedwa ndi dzimbiri."

Amayi ake a Consolata, a Goodness, ankaswa mtedza pamphasa. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Mulungu wamva. Zaka zonsezi ndakhala pamitala ndi chitsulo. Fodya akagulitsidwa, mkazi mnzanga matayala atsopano, ine chitenje chimodzi."

"Nanga tsiku lija mukukabereka mwana wathu Yankho, anakuwolotsani dambo ndani?"

"Pamenepo pokha ndimamuthokoza."

A Mphepo anaseka, kenaka anatembenukira kumene ankaganiza kuti kwaima mwana wawo.

"Tamvera, mayi. Ndalama ya galimotoyi ili ndi ntchito zitatu, ndipo zili pamzere. Yoyamba, maso anga kuchipatala. Yachiwiri, ngolo, ng'ombe ndi feteleza, chifukwa galimoto ikachoka tizidya za kumunda basi. Yotsala ndiyo ya sukulu yako. Tsono poti uli kumapeto kwa mzere, ndipo galimotoyi ukuidziwa kuposa ine tsopano, mtengo uike ndiwe. Koma uike mtengo woti mawa ukakumana ndi wogulayo pamsika usakhote njira."

2. Laimu pagalasi

Consolata anazungulira Chipembere akugwira chinthu chimodzichimodzi. Masipuling'i anadya zakuti, matayala zakuti, injini zakuti. Chilichonse chimene bambo ake anawonongerapo ndalama anachiwonjezera pamtengo, ndi utoto womwe. Anafika pa K16 miliyoni, mtima n'kukhala pansi. Pamenepo sukulu inkakwana.

Asanalembe, panalira njinga yamoto. Anali Geoffrey, mnzake wa kusekondale, amene tsopano anali dobadoba ku Kasungu Boma. Ntchito yake inali kuima pakati pa wogula ndi wogulitsa n'kunyambita mbali zonse ziwiri. Nsapato zake zinali zosongoka kuposa nyanga ya Chipembere.

Anapereka moni kwa akuluakulu chapatali, n'kukokera Consolata kuseri kwa galimoto.

"Konso, ndamva kuti chilombo chili pamsika. Wati zingati?"

Consolata anamuuza. Geoffrey anagwira pamtima ngati walasidwa.

"Ukufuna kupereka ulere? Uno ndi mwezi wanji? Okushoni ya fodya yatsegula, mwana wa a Mphepo. Alimi ndalama zikuwayabwa m'matumba. Munthu amene chaka chonse amayenda ndi zigamba, lero akufunsa mtengo wa ndege. Lemba twente. Mlimi akaona nyanga iyi ndi matayala awa safunsa za injini."

"Twente si yambiri?"

"Yambiri kwa ndani? Ku Lilongwe udzadya chiyani, ulemu? Kuli fizi, kuli lendi, kuli bokosi la masipanala. Wogula ndikupezera ine. Yanga ndi yochepa, ya sopo chabe."

Consolata anasungunula laimu m'chitini n'kulemba pagalasi lakutsogolo ndi chala: IKUGULITSIDWA, K20 MILIYONI. Geoffrey anamuimika pambali pa nyanga n'kumujambula ndi foni.

"Tamwetulira. Wogulitsa wokwiya amathamangitsa ndalama. Basi, ichi chifika m'mafoni a Kasungu yense dzuwa lisanafike pamutu."

Njinga yamoto itachoka, a Mphepo anafunsa ali pa tayala paja.

"Walemba zingati, Konso?"

"Mtengo wabwino, bambo."

Zilembozo zinali zazikulu ngati mutu wa mwana, koma a Mphepo sakanatha kuziona, ndipo Consolata ankadziwa zimenezo. Analiza galimoto msangamsanga n'kutuluka, fumbi koboo.

3. Jekete la Che Rajab

Tsikulo linali la msika. Consolata anaimika Chipembere moyang'anana ndi sitolo ya Che Rajab, mkulu amene ankagulitsa nsalu ndi sopo mkati n'kumasoka zovala pakhonde. Kwa zaka zambiri katundu wawo wa m'dzinja ankabwera pa Chipembere.

Che Rajab anaimitsa makina, anatsitsa magalasi, anawerenga. Anapukuta magalasiwo n'kuwerenganso.

"Mwana wa achimwene anga, tabwera. Walembazi ndi mtengo wa galimoto kapena nambala ya foni?"

Anthu amene ankadikira zovala zawo pakhondepo anaseka. Consolata anapita pakhondepo.

"Che Rajab, galimotoyi bambo anaithira ndalama zambiri. Ndawerengera chimodzichimodzi."

"Ndi mmene ndinaganizira. Khala apa."

Analowa m'sitolo n'kutuluka ndi jekete lakuda lokutidwa ndi pulasitiki.

"Ukuliona ili? Nsalu yake mulibe m'Kasungu muno. Ndinasokera mphunzitsi wina wamkulu, munthu wamimba, wa mikono yaifupi, phewa limodzi lotsika chifukwa njinga inamugwetsa ali mnyamata. Anati mkati muikemo matumba ambiri: la choko, la mapiritsi, la magalasi, ena ndaiwala. Ndinasoka mpaka msana kuuma. Atayesa, linamukhala ngati anabadwa nalo. Asanalitenge anamusamutsira kutali, ndipo sanabwerenso.

"Ndinalipachika apa n'kuika mtengo wa nsalu, wa ulusi, wa matumba onse ndi wa msana wanga. Aliyense wobwera ankati lokongola. Akayesa, mikono ikuthera m'zigongono, phewa likuloza kumwamba ngati mwana wofuna kuyankha m'kalasi. Mpaka lero ndili nalo. Ndinaphunzira mochedwa kuti thumba la choko ndi chuma kwa mphunzitsi, koma kwa wogulitsa nyama ndi bowo chabe.

"Chipembere ndi jekete la bambo ako. Analisoka pathupi pawo, poyang'ana misewu yawo. Ndalama imene anathiramo inabwerera kale. Inabwerera m'maulendo a m'dzinja, inakulipirira sukulu iweyo. Usaifune kawiri. Wogula sagula thukuta la mwini, amagula ntchito imene chinthucho chidzamugwirire iyeyo. Ukafuna mtengo woona, yamba wafunsa kuti inzake yosasinthidwa, ya zaka zomwezo, ikupita pa zingati."

"Pa thwelofu," analowerera dalaivala wina wa matola amene ankadikira buluku lake. "Mwezi watha ina yapita pa thwelofu ku Boma, yabwinobwino."

"Wamva. Pamenepo uwonjezerepo zokhazo zimene munthu angazimasule n'kuzigulitsa pazokha, monga matayala ndi kaliyala. Ukatero uchotsepo za mutu umene wogulayo adzadwale. Chitsulo chikadzathyoka, adzapita kusitolo ya zipangizo n'kunena kuti akufuna cha galimoto yanji? Mutu ndi wa kwina, mimba ya kwina, miyendo ya lole.

"Ndipo ndikuuze china. Mtengo walembawo munthu wodziwa magalimoto sangaupereke. Angaupereke ndi wosadziwa yekha. Tsono laimu wakoyo si mtengo, ndi msampha. Uyang'ane bwino amene akodwemo."

Consolata anaimirira, mpando n'kugwa.

"Inu mukamagulitsa nsalu simuikapo phindu? Ife tokha ndiye tizigulitsa motchipa? Fodya wathu amatiikira mtengo ndi ena. Feteleza amatiikira ndi ena. Lero kamodzi kokha ndaika mtengo ndekha, mukuti msampha."

"Ukunena zoona, amatifinya," anatero Che Rajab akudzutsa mpando uja mosapupuluma. "Koma akubwera apoyo si amene amakufinya. Tamuona."

4. Bwana wa nyengo ya okushoni

Geoffrey ankabwera akutsogolera mnyamata wamtali, wovala malaya atsopano amene anali akadali ndi mizere ya m'paketi. Dzina lake linali Aloysius, mlimi wa kutsidya kwa dambo, kumpoto kumene Chichewa chimayamba kusakanikirana ndi Chitumbuka. Zikhatho zake zinali zakuda ndi utomoni wa fodya, zong'aluka m'mizere.

Nyengo ya okushoni mlimi amasanduka bwana. Amene ankamudutsa osamupatsa moni akuthirira nazale padzuwa, tsopano amamutsegulira chitseko n'kumupukutira mpando. Ndalama ikatha ubwana umathanso, ndipo mpando uja amaupukutira wina.

"Bwana Aloysius, nachi chilombo," anatero Geoffrey. "Ichi sichifuna msewu, chimalambula wake."

Aloysius anazungulira galimoto akumwetulira ngati waona mkwatibwi. Anasisita nyanga. Analiza hutala, mbuzi za pamsika n'kubalalika. Pansi sanasuzumire, za injini sanafunse.

"Monile, adumbu," anapereka moni kwa Consolata m'Chitumbuka, kumutcha mlongo wake. "Ine galimoto iyi ndimaidziwa. Inanyamulapo amama atadwala, mvula ili pakati, ena onse atakana. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ndikadzapeza ndalama ndidzagula yotere. Lero ndamva kuti yomweyo ili pamsika. Ndatenga."

"Simunenerera?" anafunsa Consolata.

"Abwana sanenerera," anayankha Geoffrey msanga. "Kunenerera ndi kwa ogula tomato. Tiyeni kubanki isanatsekedwe."

"Muziigwiritsa ntchito yanji?"

"Mabelo. Anga ndi a anzanga a kukalabu. Pansi mabelo, pakaliyala mabelo mpaka kumwamba. Ulendo umodzi basi, amalole asiye kutidyera."

Consolata anayang'ana kaliyala, kenaka anayang'ana kukhonde. Che Rajab ankapalasa makina awo ngati sakumva kanthu.

"Muiyese kaye," anatero. "Tipite kudambo."

"Dizilo wakwera, Konso," anatero Geoffrey.

"Dizilo ndi wanga. Kwerani."

5. Kudambo

Aloysius anati anayendetsapo thirakitala kuesiteti, choncho atatuluka pamsika Consolata anamupatsa chiwongolero. Geoffrey anakhala kumbuyo atakumbatira foni.

Aloysius anayang'ana manambala a pa ndodo ya giya, anaika pamene panalembedwa wani, n'kuponda moto. Chipembere chinalumpha chobwerera n'kukagunda chulu. Geoffrey anamenyetsa nkhongo pagalasi lakumbuyo.

"Pamenepo ndi livesi," anatero Consolata. "Giyabokosi ndi ya galimoto ina, ndodo ndi ya ina. Manambalawo muwaiwale."

"Nanga wani ali kuti?"

"Pamene palembedwa thu. Koma mumukankhe ndi bondo pang'ono, amachita manyazi."

Aloysius anaseka mpaka misozi. Anayenda bwino mpaka potsetsereka polowera m'dambo, pamene njira imapendekeka. Galimoto yaitali miyendo ija inayamba kuweramira kumanzere. Matayala a kumanja anapepuka. Amayi amene ankathirira m'madimba anasiya zitini n'kugwira m'mutu. Geoffrey, amene sanapondeko kutchalitchi chichokere kusekondale, anayamba Atate Wathu.

"Osaponda buleki. Wongolerani kumunsi," anatero Consolata, dzanja lake lili kale pachiwongolero.

Chipembere chinakhazikika. Chinalowa m'matope mpaka m'mawondo, chinabangula, n'kutulukira kutsidya chikudontha.

Anatsika onse. Aloysius anaomba m'manja.

"Ichi ndiye chinthu. Ndagula, adumbu. Ndalama ilipo yonse, ya chaka chino ndi ya chatha. Ndakokota ndi ya feteleza yomwe, koma palibe kanthu, galimoto idzabweza."

"Ndi ya feteleza yomwe?"

"Yonse. Amama akuti ndapenga."

Geoffrey anatsinzinira Consolata diso. Consolata sanamuyang'ane. Maso ake anali pa zikhatho zakuda zija, zimene zinali ngati za amayi ake akamachokera m'chigafa. Anatenga kansanza pansi pa mpando, anakaviika m'madzi a m'dambo, n'kuyamba kufufuta laimu pagalasi.

"Ukutani?" anafunsa Geoffrey.

"Achimwene Aloysius, mverani. Potsetsereka paja tinali opanda katundu. Mukadzasanja mabelo pakaliyala mpaka kumwamba, pamenepaja mudzagona chammbali, fodya m'madzi, inu pansi pake. Pamwamba pamakwera mabelo awiri basi. Dizilo imamwa ngati lole. Ikadzafa, makaniko wa m'tauni adzatsegula boneti n'kuitsekanso, chifukwa zili mkatimo sizili m'buku lililonse. Zili m'mutu mwa bambo ndi mwanga. M'matope ilibe inzake, zimenezo mwaona nokha. Koma twente si mtengo wake. Inzake yosasinthidwa ikupita pa thwelofu. Matayala ndi kaliyala ndikuwonjezera, mavuto ndakuuzaniwa ndikuchotsera. Mtengo wake ndi K11 miliyoni. Yotsalayo mukagule feteleza."

Geoffrey anamukokera pambali.

"Wapenga? Munthu wavomera yekha, palibe wamugwira pakhosi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sukulu ija waitaya m'madzimu ndi kansanza."

"Ndiye ndimudye chifukwa sadziwa? Chaka chamawa akadzalephera kulima, iwe udzamutchulanso bwana? Udzamudutsa ngati chitsa."

"Dziko limayenda choncho, Konso. Wosadya mnzake amadyedwa."

"Liziyenda choncho ku Boma. Uyu ndizikumana naye pamsika."

"Nanga yanga ya sopo?"

"Ndikugulira kwa Che Rajab. Mtanda wathunthu, uchapire ndi pakamwa pomwe."

Foni ya Geoffrey inalira. Anayang'ana dzina, nkhope n'kusintha, ndipo sanayankhe. Inaliranso. Anaizimitsa, ananena kuti ali ndi kasitomala wina, n'kuuyamba wapansi kudutsa m'matope ndi nsapato zake zosongoka zija.

Aloysius anali chiimire akukanda m'mutu.

"Adumbu, chibadwire sindinaonepo wogulitsa akunenerera kuti mtengo utsike. Ine twente ija ndinavomera kale. Mukafuna..."

"Musamalize. Ndipo musandiyamikire, mtima ukundipweteka. Kwerani ndisanasinthe maganizo."

6. Abulu awiri

Dzuwa litapendeka Aloysius anakumana ndi banja lonse pansi pa mango paja. Che Rajab anabwera pa njinga yawo yakapalasa kudzakhala mboni. Consolata anagwada pafupi ndi bambo ake n'kufotokoza zonse, kuyambira pa twente imene anawabisira mmawa.

A Mphepo anafunafuna phewa lake n'kuligwira.

"Ndinadziwa kuti pali kanthu. Munthu amene walemba mtengo wabwino sachoka pakhomo ngati wakuba nkhuku. Tamvera, Konso. Ukufuna umakaniko. Ntchito imeneyo anthu amabwera kwa iwe ali akhungu ngati ine. Mwini galimoto saona zili mkati mwa injini. Ukamuuza kuti chafa ndi chakuti, amakhulupirira. Ukamuuza kuti waika chatsopano pamene wangopukuta chakale, amathokoza n'kulipira. Amakaniko ambiri amalemera chaka chimodzi n'kusamuka chaka chachiwiri, chifukwa tauni yawadziwa. Ine ndakhala pa Kaluluma pano zaka zonsezi osakhota njira poopa munthu. Chuma ndilibe, koma lero maso atafa aliyense amandigwira dzanja pondiwolotsa msewu. Sipanala akakuphunzitsa kusukulu. Ichi wachita kudambochi chilibe kalasi yake."

A Goodness anakankhira lichero la mtedza pambali.

"Mawu okoma, koma mawu salipira fizi. Pa leveni maso akwana. Ngolo, ng'ombe ndi feteleza zikwana. Sukulu yatsala panja."

"Ndidikira chaka chamawa," anatero Consolata. Mawu anatuluka olimba, koma maso anali pansi.

Aloysius anakhosomola.

"Pepani adada, ndilankhuleko. Adumbuwa anandiuza kuti nzeru za galimotoyi zili m'mutu mwawo. Ine ndagula thupi, mutu ndilibe. Kwathu kuli ngolo yabwinobwino ndi abulu awiri, ndipo Chipembere chikabwera zikhala zopanda ntchito. Tengani. M'malo mwake adumbu andiphunzitse magiya ndi matenda ake onse asanapite, ndipo akamabwera patchuthi azichiona."

"Abulu?" anatero a Goodness. "Ine ndinapempha ng'ombe. Mkazi mnzanga wachitsulo achoke, mubwere awiri a makutu?"

"Samwa dizilo, amama. Ndipo livesi yawo ili pamalo pake. Kungoti wina dzina lake ndi Sabata, chifukwa ntchito saikonda. Koma mnzakeyo amakoka za awiri."

"Ngati banja lino," anatero a Goodness.

Onse anaseka, a Mphepo kuposa onse.

"Apa ndiye jekete lapeza mwini, ndipo telala wagulidwa yemwe," anatero Che Rajab. "Ine monga mboni ndamva chonchi: galimoto pa leveni, ngolo ndi abulu ndi malipiro a mphunzitsi. Ndalama imene ikanagula ngolo ndi ng'ombe yapita kusukulu. Alipo wotsutsa?"

Panalibe. A Mphepo anatambasula dzanja m'malere, Aloysius n'kuligwira ndi manja awiri.

"Yewo, adada," anathokoza Aloysius.

Anapangana kuti mawa apite onse kubanki. Consolata anathamangira kuseri kwa galimoto, ati kukaona tayala, koma kumeneko ankapukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

Ali komweko, pamsewu panaima galimoto yoyera yonyezimira. Munatuluka bambo wonenepa wa chipewa chachikopa ndi anyamata awiri, wina atanyamula chigubu cha dizilo. Bamboyo sanaodire. Anapita molunjika pa Chipembere n'kumenya nyanga ndi chikhatho ngati mwini wake.

"Ndine Vincent, wa kwa Mwase," anatero. "Ndabwera kudzatenga galimoto yanga. Chikole ndapereka masana ano kwa mnyamata wanu Geoffrey, mamiliyoni awiri. Foni yake yazima, ndiye ndati ndibwere ndekha."

Consolata anatulukira kuseri kuja.

"Pepani bambo, galimotoyi yagulidwa kale. Ndipo ife Geoffrey sitinamutume kulandira chikole."

"Simunamutume?"

A Vincent anatulutsa foni n'kumuyandikizira kumaso. Pachithunzipo panali Chipembere, panali mtengo uja wa zilembo zazikulu, ndipo pambali pa nyanga panali Consolata mwini wake, akumwetulira, chala chili mbuu ndi laimu.

"Konso," anaitana a Mphepo, nkhope ikufunafuna uku ndi uku, "akukuonetsa chiyani mlendoyo?"

Consolata anayang'ananso chithunzicho. Laimu wa pagalasi anali atamufufuta ndi madzi a m'dambo. Wa m'foniyo ndiye analibe kansanza kake.